Mudzi wa Khuki Nicodemus

Faidesi anali kuwaza madzi pa repu wake mu msika wa Kabwata pamene anaona sutikesi yobiriwira ikubwera pakati pa anthu, ili pamutu pa mwana wake. Sutikesi imeneyo anaikweza yekha mu minibasi sabata yomweyo, amayi a mu msika akululuta kuti Kabwata watulutsa nesi.

"Iwe Agness, sukulu ya manesi yapsa?"

Agness anatula sutikesi pansi pa tebulo, nakhalapo. Maso anali otupa.

"Andibweza, Amama. Akuti ndine mlendo."

"Mlendo wa ndani?"

"Wa dziko. Pali munthu anakakamba kuti atate awo a atate anali a ku Nyasalandi. Akuti malo aja ni a ana a Zambia. Ndipeleke umboni wa mudzi wa atate na mfumu yawo. Mwezi uno ukatha malo apatsa wina."

Faidesi anaika chitini cha madzi pansi pang'onopang'ono. Mwana ameneyu anamubalira m'kanyumba ka ku Kabwata komweko, magetsi kulibe. Mchombo wake uli pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa bafa. Lero mlendo. Amayi a matebulo oyandikana anali atatchera kale makutu, ndipo Faidesi anadziwa kuti wokanenayo sanachokere kutali. Malemu mwamuna wake Killian, akamwa chibuku, ankaimirira pakhomo n'kumauza msewu wonse kuti iye si munthu wamba, ndi mwana wa Nicodemus Nkhoma wa ku Nyasalandi, khuki amene ankaphikira azungu a ku Ridgeway. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mwini mlomo anagona ku manda, mlomo wake unatsala ukuluma mwana.

M'mawa mwake anavala chitenje cha chipani, natenga khadi lake la chipanicho ndi reji yake yobiriwira, chitupa cha nzika za Zambia, napita ku ofesi ya ku Longacres kumene anatumizidwa. Anakhala pa benchi mpaka matako anachita dzanzi. Kalaliki wake anali mnyamata wa tayi yaikulu ngati lilime la ng'ombe.

"Mudzi wa bambo wa mwana?"

"Mwana ndi wanga. Ine ndine Mnsenga wa ku Petauke. Kwathu mwana amatsata mimba. Lembani mudzi wanga."

"Amai, apa afunsa bambo."

"Bambo anamwalira. Anabadwira muno mu Lusaka."

"Lusaka si mudzi, amai. Munthu aliyense ali na kwawo. Mubwele na m'bale wa magazi wa amuna anu, wamkulu, alumbile kuti atate awo anabadwila kuti, mudzi na mfumu. Tikamva, tizafufuza."

Faidesi anamuyang'ana mnyamatayo mpaka iye anayamba kukonzakonza tayi.

"Tsiku limene tinaika mwamuna wanga," anatero, "abale ake anabwera ndi lole. Anatenga mipando, wailesi, bedi, mpaka mbale za galasi. Nditafunsa za ana, anati ana ndi a mkazi. Lero boma likuti ana ndi a mwamuna. Mundiuze, mwana akamadya ndi wanga, akamapeza ntchito ndi wa eni ake?"

"Amai, kumbuyo kwanu kuli anthu."

M'bale wa magazi anali mmodzi yekha: Dunstan, mkulu wake wa Killian, mwini lole ija. Iye anali manijala pa kampani ina ya boma, ndipo ankakhala ku Woodlands m'nyumba imene mzungu anaisiya ndi maluwa ake omwe. Faidesi sanapondeko chimwalirire Killian. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakwera minibasi, natsikira pa raundabauti, nayenda pansi pa mitengo ya jakaranda akutukwana chamumtima.

Anamulowetsa kukhomo la kukhitchini. Mkazi wa Dunstan, Muriel, anamupatsa moni wa m'mphuno nabwerera kuchipinda. Pabalaza Faidesi anakhala pa mpando wofiira umene ankaudziwa bwino, chifukwa mwendo wake wakumbuyo anaumanga yekha ndi waya Agness ali wakhanda.

"Mulamu, shani? Mwatikumbuka lelo," anatero Dunstan, akupinda nyuzipepala. Anali munthu wa mimba, wa safari suti yotuwa, wonunkhira mafuta a mu botolo.

Faidesi anafotokoza zonse. Dunstan anamvetsera akugwedeza phazi.

"Killian na kamwa yake," anatero. "Ninamuuza kangati? Ine mapepala anga ali bwino. Ndine Mngoni wa ku Chipata. Aliyense adziwa."

"Mng'ono wanu wa ku Nyasalandi, inu wa ku Chipata. Atate anu anabadwa kawiri?"

"Mulamu, nthawi ya ufulu munthu aliyense anafuna mudzi. Mnzanga wa kusukulu ananipatsa wake. Zinatha."

"Ndiye tiyeni mukalumbire kuti Killian nayenso ndi wa mudzi umenewo."

"Iyayi. Manje afufuza. Azatumiza munthu kwa mfumu, mfumu izakamba kuti Nkhoma sitimudziwa. Mufuna anichotse ntchito? Mukakumba apa, tonse tizagwela mu dzenje."

"Nanga atate anuwo anali a kuti kwenikweni?"

Dunstan anayang'ana kuwindo.

"Zakale izo. Amene anali kudziwa anafa onse." Anakhosomola. "Mvelani. Agness abwele akhale kuno. Muriel afuna munthu wosamala ana, mtsikana wathu anathawa. Chaka chamawa nizamupezela ka ntchito ka taipi ku ofesi kwathu. Chibale ni fupa, mulamu."

Mwana amene anawerenga ndi kandulo, amene anakhoza fomu faifi amake akugona pa mzere wogula sopo ndi mafuta ophikira a saladi, azichapa matewera a ana a Muriel.

"Fupa limenelo munaliguguda kale," anatero Faidesi akuimirira. "Agogo ake anali khuki wa azungu, iye akhale kaboyi wa inu? Mwana wanga adzavala yunifomu yoyera, osati apuloni. Ndipo mpando uwu musamakhalire kumbuyo, waya wake ndi wakale."

Anatulukira khomo la kutsogolo.

Amene ankadziwa sanafe onse. Killian ankatchulatchula za mkulu wina, Petros Jere, amene ankaphika nyumba yoyandikana ndi ya atate ake. Faidesi anafunsa kutchalitchi, anafunsa kwa ogulitsa makala, anafunsa kwa mayi wina wa ku Chilenje amene sanaphonyepo maliro alionse chiyambire Federeshoni. Repu wake anafota pa tebulo. Pomaliza anamva kuti mkuluyo ali moyo, akusungidwa ndi mwana wake wamkazi ku Chelstone, pafupi ndi thanki yamadzi.

Anamupeza pa mpando wa ndalema kuseri kwa nyumba, akuothera dzuwa, maso atachita mtambo. Faidesi anagwada nawomba m'manja.

"Ndani uyo wa ulemu wa kwathu?" anafunsa mkuluyo.

"Ndine Faidesi, Mnsenga wa ku Petauke. Ndinakwatiwa kwa Killian, mwana wa malemu Nicodemus Nkhoma wa ku Nyasalandi."

Petros anayamba kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, mwana wake n'kutuluka ndi kapu ya madzi.

"Wa ku Nyasalandi," anatero akupukuta misozi. "Kapolo uja? Nyasalandi anaionera pa mapu a mwana wa bwana. Mwana wanga, iwe unakwatiwa ku banja la odya anyani."

"Odya anyani?"

"Mbemba uja. Mbemba weniweni, wa ku Luwingu. Dzina lake Bwembya, mudzi wa Kalaba. Ndinganame ine? Ndinamuika m'manda ndi manja awa."

Faidesi anakhala pansi pa dothi.

"Khala bwino ndikuuze," anatero Petros, ndipo nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wapatsidwa fodya. "Anabwera wapansi kuchokera kwawo, kuthawa msonkho. Anafika ku Broken Hill, anaona dzenje la mgodi, anati ine sindilowa m'manda ndili moyo. Anatsikira kuno, azungu akumanga tauni yawo yatsopano. Ndiye madona a ku Ridgeway anali ndi matenda awo. Ukagogoda pageti, funso loyamba: Nyasa? Ukati inde, lowa kukhitchini. Ukati Mbemba, akuti ndiwe wamwano, wakuba, pita ukadule udzu. Mnyamatayo anagona kukhitchini kwanga akulira njala. Ndinati iwe nyani, kuyambira lero ndiwe Nicodemus Nkhoma. Ndinamuphunzitsa nyimbo ziwiri za m'tchalitchi ndi kuphika pudini. Dona anamva nyimbo, analawa pudini, anati anthu a ku Nyasalandi ndi a mtundu wina."

"Ndiye ana ake osawauza?"

"Auze ana? Ana amasewera ndi ana a bwana. Mawu amodzi, ntchito yatha, nyumba yatha. Anakwatira mkazi wa mtundu wa Asoli wa ku Chongwe, naye anafa akudziwa kuti anakwatiwa ndi Mnyasa. Koma Loweruka tikamwa, ankayiwala, n'kuyamba kuimba za kwawo akulira. Ine n'kumuponda phazi."

"Ambuya, zimenezi zili ndi umboni?"

"Umboni ndi maliro ake. Atadwala anandiitana, anati Petros, ndanamiza azungu, usandilole ndikanamize Mulungu. Undiike ngati Mbemba. Tsiku la maliro Anyasa enieni anabwera ndi mabuku awo a nyimbo, akufunsa kuti uthenga titumize mudzi uti. Palibe anayankha. Pamenepo ife Angoni tinatenga ufa."

Faidesi sanafunike kuuzidwa zambiri. Mu Lusaka ngakhale mwana amadziwa chimbuya. Mbemba akafa, a kum'mawa, monga Angoni ndi Ansenga, ndiwo amakumba manda, amatukwana mtembo, amapaka ofedwa ufa kumaso. Wa kum'mawa akafa, Abemba amabweza. Awa amatcha Abemba odya anyani, Abemba n'kumawatcha odya mbewa. Wopakidwa sakwiya, chifukwa ufa umenewo ndi ulemu wa mtundu wake. Ndipo munthu sapaka wa mtundu wake.

"Ndinakhala pa bokosi," anapitiriza Petros, "ndinati dzuka iwe wakuba, ubweze dzina lathu. Abemba a ku komboni anamva, anabwera akuthamanga, analira m'chilankhulo chawo. Killian anali wamng'ono, anali ku Chongwe kwa amalume ake. Koma wamkulu uja, Dunstan, anali mnyamata wa ndevu. Ndinamupaka ndekha, mutu wonse mbuu. Anafunsa chifukwa, ndinamuuza zonse."

"Dunstan akudziwa?"

"Ngati dzina lake."

Mwana wa Petros, amene anaima pakhomo ndi kapu, anaseka mwachipongwe.

"Ba Dunstan Nkhoma? Si ndiye wapampando wa chimbuya cha akum'mawa kumayadi? Maliro alionse a Abemba, beseni ya unga ili m'manja mwawo. Abwana awo ku kampani ni a ku Chipata. Wako ni wako."

Mu minibasi yobwerera ku tauni Faidesi sanamve ngakhale kondakitala akumukalipira kuti asendere. Dunstan ankadziwa. Anamuona mng'ono wake akudzitama ndi bodza mpaka kulowa nalo m'manda, osamukoka malaya. Anamuona Faidesi atakhala pa mpando wofiira akupempha, n'kumuuza kuti odziwa anafa onse. Mudzi weniweni unalipo, m'kati mwa Zambia, wokhala ndi mfumu yake ndi manda ake. Mawu amodzi okha akanamubwezera Agness kusukulu. Koma munthuyo anakonda mudzi wobwereka chifukwa unali ndi galimoto ndi nyumba ya maluwa.

Anapitanso ku Woodlands. Mlonda anati bwana kulibe, galimoto ili poyera pakhonde. Anapita ku kampani. Mtsikana wa pa telefoni anati bwana ali mu miting'i. Anabwerera ku Longacres kukanena za Petros, wa tayi uja anati nkhalamba ya khungu si m'bale wa magazi. Mwezi unali kutha. Agness anasiya kudya, ankangopinda ndi kupindula mayunifomu amene amake anasoketsa.

"Amama, mwina nipite chabe kwa atate aakulu," anatero tsiku lina. "Taipi nayo ni ntchito."

"Ukapita kumeneko udutse pa mtembo wanga."

"Manje tizachita bwanji? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka."

"Amatsika," anatero Faidesi. "Amatsika kukadya maliro."

Anali mayi wa ku Chilenje uja amene anabweretsa nkhani. Ku Kabulonga kunagwa maliro a gogo wina wa ku Kasama, make wa bwana wamkulu wa ku banki. Akuluakulu onse a mu tauni adzakhalako, ndipo a kum'mawa akonza kale mabeseni.

Faidesi anatsegula thumba la ufa limene analipeza ataima pa mzere kuyambira m'bandakucha. Anatapa mbale yodzaza, namanga mu kansalu. Anapita ku Chelstone, nabwereka nkhalamba kwa mwana wake. Petros anavala jekete ya khaki ya mabatani achitsulo, ndipo njira yonse ankafunsa ngati kumaliroko kukhala mowa.

Magalimoto anadzaza msewu mbali zonse. Pabwalo anamanga tenti ya asilikali. Amayi a Chibemba anakhala pa mphasa chakumanzere, amuna pa mipando pansi pa mtengo. Gogoyo anafa atakalamba kwambiri, choncho misozi inali yochepa, chipongwe chambiri. Pakati pa bwalo panali Dunstan, suti yakuda, beseni m'manja, gulu la a kum'mawa lili pambuyo pake.

"Mwamaliza anyani onse ku Kasama, manje mwabwela kufela kuno," ankatero, akupaka ufa pa dazi la bwana wa ku banki. Anthu anaseka. Mkulu wina wamtali wa ndodo ya mutu wa siliva, amene Faidesi anamva kuti ndiye bwana wa Dunstan, anaseka koposa onse.

Faidesi anamukhazika Petros pa mpando, namasula kansalu kake. Anadutsa pakati pa bwalo osathamanga. Dunstan anamuona atafika kale pamphuno pake.

"Mulamu, mwabwela? Tengani beseni, amai ali uko."

Faidesi anatapa ufa dzanja lodzaza naupaka pa nkhope ya Dunstan, kuyambira pa chipumi mpaka pa chibwano. Wotsala anaukhuthulira pamutu. Unatsikira m'khosi, m'matumba, pa nsapato zonyezimira.

Kuseka konse kunaduka. Ngakhale amayi a kwaya anasiya nyimbo pakati.

"Mwapenga?" anatero Dunstan akulavula. "Mupaka ine? Ndine wakum'mawa."

"Wa kum'mawa ndine. Iwe khala pansi ulire ndi abale ako, mwana wa Bwembya."

Sanamutchulepo iwe chikwatiwire. Mawuwo anatuluka okoma ngati uchi.

"Chotsani mayi uyu," anakuwa Muriel kuchokera pa mphasa. "Ni wofunta, wamisala."

Anyamata awiri anayandikira, koma gogo wina wa Chibemba, wa duku lakuda ndi ufa m'makutu, anakweza dzanja.

"Lekeni. Pa malilo wa chimbuya sagwilidwa. Mayo, mwati mwana wa ndani?"

"Wa Bwembya, wa mudzi wa Kalaba ku Luwingu," anayankha Petros ali pa mpando, mawu ake aakulu kuposa thupi. "Wobwereka dzina kuti aphikire azungu. Ine Petros Jere ndinamubwereka, ine ndinamuika. Dunstan, uli kuti? Bwera ndikugwire mutu, ndione ngati wakula kuposa tsiku lija ndinakupaka."

Anthu ena anaseka, ena anayang'anana.

"Wa mukowa wanji, pfuko lake?" anafunsa gogo uja.

"Ankati ndi wa Njovu. Akaledzera ankadziguguda pa chifuwa, njovu yoonda ngati ndodo."

"Bena Nsofu, a Njovu ba kwa Kalaba," anatero gogoyo, akutembenukira anzake. "Si kwawo kwa bana Mpundu uko?" Mayi wina kumbuyo anavomera, nayamba kutchula maina a anthu a mudziwo.

Dunstan anaima pakati, beseni lili m'manja, maso okha akuoneka. Faidesi anamuona akuyeza njira zake. Akakwiya, ndiye kuti wanyoza chimbuya pamaso pa tauni yonse, iye wapampando wake. Akati nkhalambayo ikunama, amayi aja anali atayamba kale kuwerenga azakhali ake. Anayang'ana kwa bwana wake wa ndodo ya siliva.

Mkuluyo sanali kusekanso. Anayenda pang'onopang'ono, nalanda beseni m'manja mwa Dunstan.

"Zaka zonsezi, Nkhoma," anatero motsitsa, "tinali kudya mbewa na nyani."

Anatapa ufa pang'ono ndi nsonga za zala, naupaka pa phewa la suti. Pamenepo bwalo lonse linaphulika. A kum'mawa, anzake a dzulo, anamuunjikira aliyense ndi dzanja lake. Amayi a Chibemba anamukoka mkono, akumutcha mwana wotayika, akumufunsa chifukwa chake wakhala akupaka amake ufa osachita manyazi. Anamukhazika pa mphasa pakati pawo, miyendo ili tambalale, namupatsa chitenje kuti afunde.

Faidesi anagwada pafupi naye, ngati mlamu waulemu.

"Mwanipha, mulamu," ananong'ona Dunstan.

"Wakufa ali m'bokosi umo. Lolemba m'mawa ku Longacres. Mboni ndi izi, zadzaza tenti. Mukapanda kubwera ndibwera nazo ku kampani."

Lolemba anabwera, atavala suti ina. Sanapereke moni. Anaima pa mzere ngati munthu wamba, ndipo atafika pa tebulo anakweza dzanja nalumbira kuti atate ake anali Bwembya wa mudzi wa Kalaba, boma la Luwingu. Wa tayi anafunsa chifukwa chake mapepala a iye mwini akunena za Chipata. Dunstan anati imeneyo ndi nkhani yaitali. Wa tayi anati boma lili ndi nthawi, namulowetsa m'chipinda china. Faidesi sanadikire kuti amve. Anatenga kapepala ka Agness kamene wa tayi anali atadindapo kale, napita nako yekha kusukulu, nakakhala pakhomo pa ofesi mpaka mayi wamkulu wa manesi anatuluka.

Agness anabwerera m'kalasi anzake atapita kale patsogolo, ndipo anagona pa bedi la pafupi ndi chitseko limene ena onse analikana. Sanadandaule.

Mvula yoyamba itagwa, Muriel anatulukira mu msika wa Kabwata, nsapato zazitali zikumira m'matope. Anaima pa tebulo la Faidesi osagula kanthu.

"Mwakondwa manje? Atichotsa ku Woodlands. Ba Dunstan awatumiza ku depoti ya kumpoto, kuthengo. Abwana akuti akadziwane na abale awo. Ana anga sadziwa na Chibemba chomwe. Mwaononga banja, amake Agness."

Faidesi anapitiriza kumanga repu m'mitolo. Anafunafuna chisoni m'mtima mwake, monga munthu amafunira chenji m'thumba, ndipo sanapezemo.

"Kumpoto ndi kufupi ndi Luwingu?" anafunsa.

"Ngati mtunda wa tsiku. Nanga zili na ntchito?"

"Mukafikako mufunse mudzi wa Kalaba. Pali mayi amene mwana wake anapita ku tauni osabwerera, anafa akuyang'ana kunjira. Mukaime pa manda ake, mumuuze kuti Bwembya anafika bwino, anaphika, anabereka. Mumuuzenso kuti mdzukulu wina wa Bwembya akuphunzira kubaya jakisoni ku Lusaka."

Kumbuyo kwa Muriel kunali mayi wa mwana kumsana, akudikira.

"Senderani pang'ono, mulamu," anatero Faidesi. "Mwatsekereza kasitomala."